Kodi munthu ali kutali angaletse batani lofiira kuimitsa makina?

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndimayang'anira amisiri okonza makina pafakitale yolongedza katundu. Tagula makina atsopano oyendetsedwa ndi PLC (kompyuta yolamula makina), okhala ndi mabatani ofiira oimitsira mwadzidzidzi, zitseko za swichi ndiponso light curtain (mizere ya kuwala yoimitsa makina dzanja likaidula). Omwe atigulitsa akufuna tiwalumikize makinawo ku intaneti kuti akavuta aziwakonza ali kwawo. Abwana anga akuti palibe vuto, fakitale yathu ndi yaing'ono, palibe angataye nthawi nayo. Tilinso ndi makina akale omwe tikufuna kuwaikira zotetezera anthu, ndipo mmisiri wina akuti tingolowetsa mawaya a batani lofiira ndi a zitseko mu PLC yomwe ilipo kale m'malo mogula relay yapadera (kachipangizo kodula magetsi pakakhala ngozi). Kodi zimenezi n'zoyenera? Nanga munthu amene ali kutali angachititse kuti batani lofiira lisagwire ntchito?"

Mwachita bwino kufunsa makinawo asanalumikizidwe, anzanga, chifukwa ambiri amabwera ndi funso limeneli waya atalowetsedwa kale, nthawi zina munthu atavulala kale. Mafunso anu aoneka angapo koma muzu wake ndi umodzi. Chinthu chomwe chikuteteza dzanja la munthu chisadalire china chilichonse chosinthika mosavuta, kaya wochisinthayo waima pambali pa makina ndi tepi m'thumba, kaya ali kutsidya kwa nyanja ndi laputopu. Ndiyamba ndi makina akalewo, poti ngozi yomwe ili pakhomo kwambiri ili kumeneko.

Maganizo olowetsa batani lofiira mu PLC wamba muwakane, ngakhale amene wawabweretsa akhale mmisiri wodalirika chotani. Sindikunyoza PLC wamba ayi. Imagwira ntchito zaka zambiri osavuta, koma inapangidwa kuti iziyendetsa ntchito, osati kuti izizindikira kuwonongeka kwake komwe. Taganizirani tsiku lomwe kachipangizo kotulutsa magetsi olamula mota kapsa n'kutsalira koyaka. Munthu wamenya batani, pulogalamu yalamula kuti mota iime, koma magetsi akupitabe, PLC nayo ikuyesa kuti yaimitsa kale. Kapena makontakiti a contactor, swichi yamagetsi yoyatsa ndi kuzimitsa mota, amamatirana ndi kutentha, monga zimachitikira pa mota zoyaka n'kuzima kambirimbiri pa ola. Kapenanso mmisiri pofufuza vuto usiku wakakamiza chizindikiro china mu pulogalamu kuti chizioneka chili bwino nthawi zonse, n'kuweruka ataiwala kuchimasula. Pa zonsezi makina amaoneka abwinobwino, akulongedza katundu monga mwa masiku onse, mpaka tsiku lomwe munthu adzafune kuti aime.

Relay yachitetezo anaipanga anthu omwe anavomereza kuti chipangizo chilichonse chidzawonongeka tsiku lina, ndiye nkhani n'njakuti chikawonongeka makina atsala motani. Batani lofiira loyenera limakhala ndi makontakiti awiri otseka nthawi zonse, magetsi akudutsa, ndipo kulimenya ndi kudula njirayo. Waya ukaduka kapena ukamasuka pa sikuluwu, makina amaima okha, chifukwa kwa relay kuduka kwa waya n'chimodzimodzi ndi kumenya batani. Njirazo ndi ziwiri ndipo relay imaziyerekeza. Ina ikatseguka inzake n'kutsala yotseka, imadziwa kuti pali cholakwika, imaimitsa makina n'kukana kuti ayatsidwenso. Kutsogolo kwake, magetsi a mota amadutsa m'ma contactor awiri otsatizana kuti imodzi ikamamatira inayo idule. Kenako pali kawaya kobwerera ku relay, kodutsa m'timakontakiti tomangiriridwa ku akuluakuluwo, komwe kamaiuza ngati onse atsegukadi. Imodzi ikamamatira, musindikize batani loyambitsiranso kangati konse palibe chochitika, ndipo mmisiri amakakamizika kutsegula bokosi n'kupeza vutolo yachiwiriyo isanawonongeke. Phindu lonse lagona pamenepa: kuwonongeka koyamba kumaonekera poyera, sikubisala kudikira kwachiwiri. Luso limeneli si la dzulo. Kampani ya Pilz ya ku Germany inatulutsa relay yake yotchedwa PNOZ mu 1987, ndipo lero makampani ambiri amapanga zofanana nayo.

Makina akakhala ndi zitseko zambiri ndi magawo oyenera kuima paokhapaokha, pamaikidwa PLC yachitetezo. Mkati mwake muli mapurosesa awiri owerengera chinthu chimodzi n'kumayerekeza mayankho, ndipo akasemphana zonse zimazima. Pulogalamu yake ili ndi pasiwedi yakeyake komanso nambala yosainira yomwe imasintha munthu akakhudza ngakhale mzere umodzi. PLC yanu yakaleyo musaitaye. Ipatseni waya woidziwitsa kuti batani lamenyedwa kapena chitseko chatsegulidwa, kuti ilembe uthenga pa sikirini ndi kudziwa pomwe yalekera. Koma ntchito yodula magetsi isakhale m'manja mwake.

Musanagule kanthu, zungulirani makina akalewo pamodzi ndi anthu omwe amawagwiritsa ntchito, pepala lili m'manja. Paliponse pomwe pali chozungulira, chopanikiza, chodula kapena chotentha, funsani mafunso atatu omwe muyezo wa ISO 13849-1 umafunsa. Munthu akavulala apa adzachira, kapena ataya chiwalo kapena moyo? Amafikapo kangati, ndipo amakhalapo nthawi yotalika bwanji? Zikayamba kulakwika ali ndi mpata wothawa? Mayankho ake amakupatsani mlingo wa kudalirika kofunika pamalopo, kuyambira PL a kulekezera PL e. Pomwe munthu angataye dzanja mlingowo suchepera c, ndipo ngati amafikapo pafupipafupi kapena alibe pothawira umakwera kufika d kapena e. PLC wamba payokha sifika kumeneko. Pa ulendo womwewo kumbukirani ndondomeko ya ISO 12100, yoti choopsa chichotsedwe kaye ngati n'kotheka, chikakanika kuchoka chitchingidwe, ndipo zikwangwani ndi maphunziro zibwere pambuyo. Chitsulo chotchinga chomangidwa ndi mabawuti, pamalo pomwe munthu safunika kufikapo tsiku ndi tsiku, chimaposa sensa iliyonse, ndiponso palibe wa pa intaneti angachimasule.

Batani lofiiralo anthu amalipatsa ulemu woposa mphamvu zake. Sililetsa ngozi. Limangochepetsa ngozi yomwe yayamba kale, chifukwa munthu amalimenya ataona zoopsa kapena atamva mnzake akukuwa. ISO 13850 imafuna kuti likhale lofiira pamwamba pa chikasu, likamenyedwa litsale lomenyedwa mpaka munthu alimasule ndi dzanja, ndipo kulimasulako kusayatse makina. Liyenera kukhalapo, koma si mlowam'malo wa chotchinga.

Pa light curtain ndikhalapo pang'ono, poti ndi pomwe ndimapeza zolakwika zambiri ngakhale pamakina atsopano. Ndi mizere ya kuwala kosaoneka ndi maso pakati pa timizati tiwiri, ndipo dzanja likadula mzere umodzi makina amalamulidwa kuima. Yokha siigwira chitsulo chilichonse, imangotumiza uthenga. Chomwe chimapulumutsa zala ndi mtunda wochokera pa kuwalako kukafika pa choopsacho. ISO 13855 imatenga kuti dzanja lomwe lili pafupi limayenda mamilimita 2,000 pa sekondi. Tiyerekeze kuti kuchokera pomwe kuwala kwadulidwa kufikira pomwe makina aimiratu pamadutsa sekondi 0.2. Dzanja layenda mamilimita 400, choncho light curtain yotha kuona chala, ya mamilimita 14, isayandikire choopsacho kuposa pamenepo. Ikakhala yoona chikhatho chokha, ya mamilimita 30, muwonjezerepo mamilimita 128, chifukwa zala zimayamba zalowa pakati pa mizere iyo isanazindikire. Tsopano mabuleki adyeka, makina akuima pa sekondi 0.25. Ndi maso simungaone kusiyana kulikonse, koma dzanja lapeza mamilimita ena 100, ndipo mtunda womwe unali wokwanira chaka chatha lero waperewera. N'chifukwa chake nthawi yoimira imayezedwa ndi chipangizo pamakina enieniwo, atanyamula katundu wake weniweni, ndipo imayezedwanso pakapita nthawi. Gwirani mfundo imeneyi, tiifunanso tikafika pa intaneti. Onaninso ngati munthu angadutse kuwalako n'kuima mkati mnzake n'kuyatsa makina osamuona. Ndipo makina omwe amatenga nthawi kuti aime, kapena otha kulavula zidutswa, light curtain siwakwanira. Amafuna chitseko chomwe chimakhala chokiyidwa mpaka zonse zitaimiratu.

Zida zonsezi zimagonja kwa munthu mmodzi, wogwira ntchito amene chida chikumulepheretsa kumaliza ntchito yake. Ndinaitanidwa pafakitale ina kukaona makina omanga makatoni. Ndinapeza chitseko cha m'mbali chili chotsegula, makina akuthamanga. Pa swichi yake panalowetsedwa kachitsulo kapadera, ka mtundu womwe umayenera kukhala pa chitsekocho, katakulungidwa ndi tepi yakuda yomwe inali itauma ndi kuchita fumbi. Sinali ya dzulo. Mayi omwe ankagwira pamenepo anandionetsa chifukwa chake. Makatoni ankakodwa pakona imodzi kangapo pa ola. Akatsegula chitseko mzere wonse unkaima, kuuyambitsanso kunkadya mphindi zingapo, pomwe iwo pakutha kwa shifiti ankafunsidwa kuchuluka kwa makatoni. Ndiye ankapisa dzanja makina akuyenda, n'kusolola katoniyo pakati pa kumenya kumodzi ndi kwina, ndipo anandionetsa mmene amachitira, mofulumira ndi mwaluso, moti ine mtima unangoti myu. Sindinawadzudzule mayiwo, chifukwa vuto silinayambire kwa iwo. Chitsulo cholondolera makatoni chinali chitapindika pang'ono, ndipo titachiwongola kukodwako kunachepa kwambiri. Tinakonzanso kuti chitsekocho chiziimitsa gawo lake lokha, kenako tinaika swichi ya RFID yomwe imazindikira chitseko chake chokha basi. Tikadayamba ndi swichi yolimbayo osakonza kukodwako, anthu akadapeza njira ina, mwina kumasula mabawuti a chitseko chenichenicho.

Kutsegula chitseko cha swichi si kuzimitsa makina. Mmisiri wolowa mkati kukakonza azimitse pa swichi yaikulu, aikepo loko wakewake kiyi wake ali m'thumba mwake, ndipo akalowa atatu maloko akhale atatu. Atulutse mpweya wa kompuresa, athetse mphamvu ya mafuta a hayidiroliki, atsitse kapena achirikize chilichonse chomwe chili m'mwamba, adikire kuti magetsi otsalira mu drive, chipangizo cholamula liwiro la mota, athe, kenako ayese kuyatsa kuti atsimikize kuti afadi. Lokoyu ndiye chitetezo champhamvu kuposa zonse pa nkhani ya munthu wa kutali, pakuti pulogalamu iliyonse padziko lapansi singabweze magetsi omwe adulidwa ndi dzanja n'kukiyidwa.

Chida chachitetezo chimakhala chete miyezi yambiri, choncho chikafa simudziwa pokhapokha mutachiyesa. Mu December 2005 ku Buncefield, ku England, thanki yaikulu ya petulo inasefukira ikudzazidwa. Geji yoonetsa mlingo inali itamatirira, ndipo swichi yapadera yomwe inayenera kutseka mafuta thanki ikadzadza sinagwire ntchito. Nthunzi ya petuloyo inaphulika ndipo moto unayaka masiku angapo. Zida zinalipo, zinagulidwa, zinaikidwa, koma tsiku lomwe zinafunika zinali zakufa. Ikani m'kaundula tsiku lomenya batani lililonse ndi kutsegula chitseko chilichonse makina akuyenda opanda munthu pafupi, ndipo mulembe zotsatira zake.

Tibwere tsopano kwa munthu wa kutali uja. Yankho lachindunji ndi ili. Batani lomwe mawaya ake apita ku relay yachitetezo, relay n'kudula ma contactor mwachindunji, palibe angalifikire kudzera pa netiweki, chifukwa palibe pulogalamu yoti asinthe. Batani lomwe lalowa mu PLC wamba, monga akufunira mmisiri wanu, aliyense wotha kulemba mu PLC imeneyo akhoza kulisandutsa chokongoletsa. PLC yachitetezo ili pakatikati. Ndi yovuta kuinyenga, koma ndi kompyuta ndithu, ndipo ngati khomo lolemberamo pulogalamu lasiyidwa lotsegula, imasinthika.

Zimenezi zinachitikadi mu 2017 pafakitale ina yaikulu ya mafuta ndi mankhwala ku Saudi Arabia. Achiwembu analowa pang'onopang'ono mpaka anafika pa kompyuta ya amisiri yolemberapo pulogalamu m'zida zachitetezo za mtundu wa Triconex, zopangidwa ndi Schneider Electric. Zida zimenezi ntchito yake ndi imodzi yokha, kuzimitsa fakitale kutentha kapena mphamvu ya mpweya zikadutsa malire. Pa chidacho pali kiyi weniweni wachitsulo. Akakhala pa RUN pulogalamu singalembedwe, akakhala pa PROGRAM imalembeka. Kiyiyo anasiyidwa pa PROGRAM. Pulogalamu yachiwembu, yomwe inadzatchedwa Triton kapena Trisis, inalowera pamenepo. Chomwe chinaulula chiwembucho n'chakuti pulogalamuyo inali ndi polakwika, zidazo podziyesa zokha zinaona kuti china chake sichili bwino, n'kuzimitsa fakitale monga zinapangidwira. Ndikaiganizira nkhani imeneyi ndimakumbukira tepi yakuda ija. Wosiya kiyi pa PROGRAM analibe cholinga choipa. Mwina ankangopewa ulendo wopita ku bokosi nthawi iliyonse yomwe akufuna kusintha kanthu.

Koma wachiwembu safunika kukhudza zida zachitetezo kuti avulaze munthu. Mukukumbukira mamilimita 400 aja? Anawerengedwa makina akuyenda pa liwiro linalake. Wina akalowa mu drive n'kukweza liwiro kapena kutalikitsa nthawi yoimira, light curtain idzaona dzanja bwinobwino, relay idzadula bwinobwino, koma chitsulo chidzaima mochedwa. Ndipo wochita zimenezi sayenera kukhala mdani. Akhoza kukhala injiniya wa kampani yomwe yakugulitsaniyo, wa mtima wabwino, amene akufuna kukuthandizani kuti muzilongedza zambiri pa ola, ali pamalo pomwe sakuona kuti mmisiri wanu waweramira mkati. Sikirini nayo ikhoza kunama. Stuxnet, yomwe inatulukira mu 2010, inawononga makina oyeretsera uranium ku Natanz, ku Iran, posintha liwiro lawo kudzera mu PLC za Siemens, ndipo inapangidwa moti ibise zomwe ikuchita kwa anthu oyang'anira. Inkatha kufala pa fulashi, ndiye ngakhale malo osalumikizidwa ku intaneti sanali otetezeka.

Abwana anu akanena kuti amenewo ndi mafakitale akuluakulu a mayiko okangana, auzeni za Aliquippa, tauni yaing'ono ya ku Pennsylvania, ku America. Mu November 2023 achiwembu analanda PLC ya mtundu wa Unitronics pa malo ena opopera madzi a tauniyo, ndipo ogwira ntchito anachita kuyamba kuyendetsa ndi manja. Sikuti anasankha tauniyo. Ankasaka zida za mtundu umenewo paliponse pomwe zaonekera pa intaneti, ndipo zambiri zinali ndi pasiwedi yomwe zinabwera nayo kuchokera kwa wopanga, 1111. Pali malo a pa intaneti monga Shodan omwe ntchito yawo ndi kusonkhanitsa zida zonse zoonekera poyera, usana ndi usiku, osayang'ana kukula kwa mwini wake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Vuto limakula chifukwa zilankhulo zomwe makinawa amalankhulirana zinapangidwa nthawi yomwe waya unkathera m'chipinda chimodzi. Modbus ndi ya mu 1979, ndipo mmene inapangidwira siifunsa dzina kapena pasiwedi. Wofika pa waya akalamula, chida chimamvera.

Nanga omwe akugulitsani makinawo muwakanize? Sindikutero. Kukonza ali kutali kumapulumutsa masiku ambiri oima, ndipo mukakana opanda njira ina, tsiku lomwe makina adzafe pakati pa oda yaikulu wina adzalumikiza foni yake mwachinsinsi, zomwe ndi zoipa kuposa. Avomereni, koma khomolo likhale lanu. PLC isaonekere pa intaneti mwachindunji ngakhale kwa ola limodzi. Alowere pa VPN, njira yotsekedwa yodutsa pa intaneti, munthu aliyense ndi akaunti ya dzina lake, ndipo pasiwedi yokha isakwane, pakhale chachiwiri monga nambala yobwera pa foni. Mu May 2021 kampani ya Colonial Pipeline ya ku America inaimitsa paipi yake yaikulu ya mafuta kwa masiku angapo achiwembu atalowa m'makompyuta ake kudzera pa akaunti yakale ya VPN yomwe inkangofuna pasiwedi basi. Chomwe ine ndimachikonda kwambiri ndi swichi ya kiyi pa bokosi la makinawo yomwe imayatsa kapena kuzimitsa njira yolowera kutaliyo. Masiku onse ikhale yozima, kiyi ali kwa inu. Injiniya wawo akafuna kulowa aimbe foni, mmisiri wanu akaime pamakina, ayatse, azilankhulana mpaka ntchito ithe, kenako azimitse. Njirayo ifike pamakina awo okha, osati pa netiweki yonse ya fakitale, ndipo zonse zomwe achita zilembeke. Pulogalamu yachitetezo yokha, pamodzi ndi malire a liwiro ndi nthawi yoimira, isasinthidwe ndi munthu amene sali pamalopo. Ikasinthidwa, batani lililonse ndi chitseko chilichonse ziyesedwenso makina asanabwerere m'manja mwa ogwira ntchito, ndipo nambala yosainira yatsopano ilembedwe papepala lomwe lili m'bokosi. Zonsezi zilowe mu mgwirizano wolembedwa. Wogulitsa wodziwa ntchito yake sadabwa nazo, makamaka ngati amagulitsanso ku Ulaya, komwe lamulo latsopano la makina la nambala 2023/1230, loyamba kugwira ntchito mu January 2027, likufuna kuti zida zachitetezo zitetezedwe kwa osintha pulogalamu mwachinyengo.

Muyezo wa IEC 62443 ndi womwe umafotokoza za chitetezo cha makompyuta a m'mafakitale. Ndi wautali, koma mfundo yomwe mungayambe nayo ndi yapafupi. Gawani zida m'magulu, ndipo pakati pa gulu ndi gulu pakhale khomo limodzi lodziwika ndi lolonderedwa. Makompyuta a muofesi, omwe amatsegula maimelo tsiku lonse, asakhale pa netiweki imodzi ndi PLC. Pakati pawo pakhale firewall, mlonda wa pa netiweki, yomwe imakana zonse kupatula zochepa zomwe mwaziloleza ndi dzina. Zida zachitetezo zikhale m'gulu lawolawo, mkati kwambiri. Mafakitale ambiri ang'onoang'ono sagwa ndi chiwembu cholunjika makina, amagwa ndi pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo, yomwe yalowera pa imelo ya muofesi n'kuyenderera mpaka pa kompyuta yoyang'anira mzere chifukwa panalibe chotchinga.

Pa tsiku ngati limenelo chokupulumutsani ndi makope. Pulogalamu ya PLC iliyonse, ya sikirini iliyonse, manambala a mu drive iliyonse, zonse zikhale ndi kope losungidwa pa chinthu chosalumikizidwa ku netiweki, ndipo muyese kamodzi kubwezeretsa kopelo kuti muone ngati likugwiradi. Ndaonapo mafakitale omwe kope lokhalo la pulogalamu lili mu laputopu ya mmisiri amene anachoka zaka zapitazo. Kampani ya aluminiyamu ya Norsk Hydro ya ku Norway itagwidwa ndi pulogalamu yofuna dipo mu March 2019 inakana kulipira. Inadalira makope ake ndiponso antchito omwe ankadziwabe kuyendetsa makina ndi manja. Munthu akachoka ntchito, akaunti yake ifafanizidwe tsiku lomwelo ndipo mapasiwedi ogawana asinthidwe. Mu 2000 ku Maroochy, ku Australia, munthu amene anagwirapo ntchito ku kampani yomwe inaika zida zoyendetsera mapampu a zonyansa anagwiritsa ntchito wailesi ndi laputopu kulamula mapampuwo, zonyansa n'kusefukira m'mapaki ndi m'mitsinje. Ankaidziwa njira chifukwa anaikonza nawo.

Mudzakumana ndi makompyuta akale oyendetsa makina, a Windows yomwe inasiya kalekale kulandira zokonza, ndipo a IT adzafuna kuwasintha usiku umodzi. Apa pamafunika kudekha, poti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kusintha kosayesedwa kukhoza kuimitsa mzere, ndipo ngakhale mapulogalamu ofufuza netiweki omwe muofesi savuta amatha kugwetsa PLC zakale. Kompyuta yotereyi itchingeni kaye. Ichotseni pa intaneti, tsekani mabowo a fulashi osafunika, musalole kuti izigwiritsidwa ntchito ina iliyonse, ndipo kusinthako kuchitike pa nthawi yomwe makina aima mwadongosolo, wogulitsa atavomereza. Laputopu ya mmisiri wobwera kuchokera kunja, yomwe dzulo inali pafakitale ina, muiyese ngati fulashi yaikulu. Ngati n'kotheka khalani ndi laputopu yanu ya ntchito ya PLC yokhayokha, iye agwiritse ntchito imeneyo.

Musanakumane ndi abwana anu, tsegulani bokosi la magetsi la makina atsopanowo, magetsi atazimitsidwa ndi kukiyidwa, muyang'ane bwino mkati. Funafunani kabokosi kakang'ono kokhala ndi kaeriyo ndi polowera SIM khadi. Makina ambiri amabwera nako kataikidwa kale, ndipo ngati kalipo n'kutheka kuti makina anu akulankhula ndi kunja kuyambira tsiku lomwe anayatsidwa, osadutsa pa firewall iliyonse ya fakitale. Mukakapeza, funsani ogulitsa kuti kamalumikiza kuti ndipo ndani ali ndi chilolezo cholowerapo, ndipo kakhale kozima mpaka mutagwirizana. Kenako tsatani ndi chala mawaya a batani limodzi lofiira pa chojambula cha magetsi, muone komwe athera. Ayenera kuthera pa relay kapena PLC yachitetezo, ndipo akathera pa PLC yachitetezo, onani ngati pasiwedi yake inasinthidwa ndipo ali nayo ndani. Pa makina akalewo, ngati pakati pa amisiri anu palibe amene anawerengerapo PL ndi kuyeza nthawi yoimira, itanani wodziwa kuti achite nanu makina oyambawo, amisiri anu ali pomwepo akuona ndi kugwira nawo.